Mitsinje ya ku Portugal ndi malume a mwana: chikhalidwe cha maiko ena chimaphunzitsidwiranji?

Mphunzitsi wa kalasi yachitatu akalemba pa bolodi mawu oti *tio* n'kufunsa ana tanthauzo lake m'Chinyanja, manja amakwera msanga: "Malume!" Yankholo ndi loona, koma ndi theka chabe. M'Chipwitikizi *tio* ndi mlongo wa amayi, ndi mng'ono kapena mkulu wa abambo, ndiponso ndi mwamuna wa azakhali. Kwa mwana wa ku Furancungo anthu amenewa ndi osiyana kwambiri. Mng'ono wa abambo ndi bambo aang'ono, ndipo ana ake ndi abale enieni. Malume ndi mwini mbumba, amene amakhala pa nkhani za ukwati ndi za maliro, ndipo ana ake ndi asuweni amene munthu amaseka nawo momasuka. Chipwitikizi chimawaika onsewa m'dengu limodzi, ana awo onse n'kuwatcha *primo*.

Mphunzitsi akaima pamenepa n'kufotokoza kuti ku Portugal banja limawerengedwa mwa njira ina, kuti kumeneko abale a kuchimuna ndi a kuchikazi amaonedwa mofanana ndipo mlongo wa amayi alibe udindo wapadera pa ana, ndiye kuti wayamba kale phunziro la chikhalidwe cha dziko lina, ngakhale pa ndandanda ya tsikulo sipanalembedwe choncho. Akapanda kuima, phunzirolo limachitikabe, koma mwakachetechete: mwana amatuluka akuganiza kuti njira ya m'buku ndiyo yolongosoka, ya kwawo ndi yosokonekera.

M'maiko ena phunziroli lili ndi dzina lakelake komanso nthawi yakeyake. Afalansa amalitcha *civilisation*, ndipo ku yunivesite ya Sorbonne ku Paris maphunziro a chikhalidwe cha France ophunzitsa alendo anayamba mu 1919. Ajeremani amati *Landeskunde*, kutanthauza kudziwa dziko. Wophunzira chilankhulo amaphunziranso mbiri ya eni chilankhulocho, malo awo, kayendetsedwe ka boma lawo, zipembedzo, zolembalemba ndi kakhalidwe ka tsiku ndi tsiku. Mabungwe monga Alliance Française, lomwe linakhazikitsidwa mu 1883, British Council ya mu 1934 ndi Instituto Camões ya dziko la Portugal amagwira ntchito imeneyi kunja kwa maiko awo, ndipo sabisa kuti cholinga chimodzi ndi chakuti dziko lawo likondedwe. Palibe cholakwika pamenepo, koma cholinga cha mwini katundu pa msika si cholinga cha wogula.

M'sukulu za pulayimale za ku Mozambique mulibe phunziro la dzina lotere. Nkhaniyi inabalalika m'maphunziro ena: m'nkhani zowerenga za Chipwitikizi, mu Ciências Sociais, ndipo kutsogolo m'Chingerezi ndi m'Chifalansa ku sekondale. Poti ilibe mwini, kawirikawiri imadutsa popanda munthu kufunsa kuti ikuphunzitsidwiranji.

Pamene cholinga chinali kusintha mwana

Funso limeneli ndi lolemera ku Tete kuposa ku Paris, chifukwa kuno chikhalidwe cha dziko lina chinaphunzitsidwapo kale mwamphamvu, ndipo amene anachiphunzira ena akali moyo. Pangano la boma la Portugal ndi Vatican la mu 1940, pamodzi ndi lamulo la mamishoni la mu 1941, linapereka maphunziro a ana akuda m'manja mwa mamishoni a Katolika, monga Lifidzi ku Angónia ndi Fonte Boa ku Tsangano. Maphunzirowo ankatchedwa *ensino rudimentar*, ndipo mu 1956 anasinthidwa dzina kukhala *ensino de adaptação*. Lamulo linkati chilankhulo cha m'kalasi chikhale Chipwitikizi. Chinyanja chinkaloledwa pophunzitsa katekisimu basi.

Mwana amene anapitirira ankaloweza mitsinje ya ku Portugal, Minho, Douro, Mondego, Tejo, Guadiana, pamodzi ndi njanji zake ndi mapiri ake, ngakhale sanauzidwe m'kalasi kumene Revúbuè amachokera ndi kumene amathira. Ankaloweza mafumu kuyambira pa Afonso Henriques, ndiponso ulendo wa Vasco da Gama wa mu 1498, womwe unkafotokozedwa ngati kuti dziko la kuno linayamba tsiku limene zombo zake zinafika. Panalinso mapu otchuka a mu 1934 amene anasanjika Angola ndi Mozambique pamwamba pa maiko a ku Ulaya pofuna kuonetsa kuti Portugal si dziko laling'ono. Zonsezi sizinkatchedwa n'komwe kuti ndi za dziko lina. Mwanayo ankauzidwa kuti ndi mbiri yake.

Mphoto yake inali dzina loti *assimilado*. Malinga ndi lamulo la mu 1954, munthu wakuda ankafunika kukhala wa zaka zoposa 18, wolankhula bwino Chipwitikizi, wokhala ndi ntchito yodyetsa banja lake, ndiponso wotsatira makhalidwe a nzika za Portugal. Amene anafikapo sanakwane ngakhale munthu mmodzi pa anthu 100 aliwonse, ndipo lamulolo linathetsedwa mu 1961. Pamene dziko linkalandira ufulu pa 25 June 1975, anthu oposa 90 pa 100 aliwonse sankadziwa kulemba ndi kuwerenga. Sukulu imene inkafuna kupanga Apwitikizi inalephera ngakhale kupanga owerenga.

Vuto silinali mtsinje wa Tejo. Kudziwa kuti Lisboa ili m'mbali mwa Tejo sikuvulaza mwana. Vuto linali lakuti chidziwitsocho chinkabwera kudzalowa m'malo mwa china, osati kudzakhala pambali pake, ndipo chinkabwera m'chilankhulo chimene mwana sakanatha kufunsira funso.

Ufulu utabwera, mbiri ya Mozambique inalowa m'kalasi, koma Chipwitikizi chinatsala chokha monga chilankhulo chophunzitsira, pa chifukwa cha umodzi wa dziko. Zilankhulo za makolo zinayamba kuyesedwa m'sukulu za boma mu ntchito ya PEBIMO, kuyambira 1993 mpaka 1997, ndipo Chinyanja cha kuno ku Tete chinali chimodzi mwa zilankhulo ziwiri zoyeserazo, china chikhala Chichangana ku Gaza. Maphunziro a zilankhulo ziwiri anayamba mwalamulo mu 2003. Dongosolo la maphunziro la mu 2004 linapatulanso gawo la 20 pa 100 la nthawi kuti likhale la *currículo local*, zophunzira zochokera m'dera. Ndiye kuti mphunzitsi wa lero ali ndi zida ziwiri zimene mnzake wa mu 1955 analibe: chilankhulo cha mwana, ndi chilolezo chobweretsa za m'mudzi m'kalasi.

Nanga lero n'cha chiyani?

Ena atamva mbiri imeneyi amati ndi bwino kungosiya za kunja, ana aphunzire zawo. Maganizowa amamveka, koma ku Tsangano sangagwire. Mwana wa ku Biri-Biri akawoloka msewu wa phula amakhala ali ku Malawi. Makolo ake amagulitsa mbatata ya kachewere ndi kabichi pa misika ya m'malire monga Lizulu, amawerenga ma metical ndi makwacha m'thumba limodzi, ndipo ambiri a iwo anakhalako ku Ntcheu kapena ku Dedza pa nthawi ya nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Roma la pa 4 October 1992. Fodya wa ku Macanga amakathera m'maiko amene mlimi sanawaonepo. Magetsi a ku Cahora Bassa amakayatsa nyumba ku South Africa. Madzulo anyamata amakangana za Benfica ndi Sporting, atsikana amaonera masewero a ku Brazil pa wailesi ya kanema. Zakunja zinafika kale. Chimene sukulu ingasankhe ndi chakuti mwana azikumana nazo ali ndi maso kapena ali chitsinzire.

Choncho cholinga choyamba ndi chapafupi: kuti mwana amve chilankhulo chimene akuphunzira. Mawu sayenda okha, amanyamula nyengo, chakudya ndi ulemu wa kumene anachokera. Buku likati *inverno*, mphunzitsi wothamanga amati "dzinja". Koma dzinja ndi nyengo ya mvula ndi ya njala, pamene chimanga chili m'munda, pomwe *inverno* ndi nyengo yozizira, imene ku Portugal imagwa mu December, January ndi February, ndipo ku mapiri a Tsangano imagwa mu June ndi July. Mwana amene wafotokozeredwa kuti dziko lapansi lili ndi mbali ziwiri zosinthana nyengo samadabwanso kuona chithunzi cha Khirisimasi ya chipale chofewa pamene iye amadya Khirisimasi akupalira.

Chimodzimodzinso ulemu. Chinyanja chili ndi iwe ndi inu. Chipwitikizi chili ndi *tu*, *você* ndi *o senhor*, ndipo malire ake sagwera pamodzi ndi a Chinyanja: *você* amene ku Brazil amanenedwa kwa aliyense, ku Portugal akuluakulu ena amamumva ngati mwano. Chingerezi chili ndi *you* mmodzi yekha, zimene zimachititsa ana kuganiza kuti Angerezi alibe ulemu, pomwe ulemu wawo anauika kwina, m'mawu opempha ndi m'kazunguliridwe ka funso. Mwana wa kuno amaphunzitsidwa kuyang'ana pansi akamalankhula ndi wamkulu. Akadzapita kukafunsira ntchito ku Tete kapena ku Moatize, wofunsayo angaone ngati akubisa kanthu. Kumuuza zimenezi sikumuchotsera mwambo. Ndi kumupatsa mpata wosankha akudziwa.

Cholinga chachiwiri n'chimene akatswiri akhala akuchitsindika kuyambira m'ma 1990. Claire Kramsch mu 1993 ndi Michael Byram mu 1997 analemba kuti wophunzira chilankhulo sayenera kuyesa kusanduka mwini chilankhulocho, chinthu chimene sichitheka n'komwe, koma akhale munthu wa pakati: wotha kufotokozera a kwawo zimene mlendo akutanthauza, ndi kufotokozera mlendo zimene a kwawo akutanthauza. Kwa anthu odziwa ntchito ya nkhoswe, mfundoyi si yachilendo. Nkhoswe imadziwa mabanja onse awiri, siinyoza lililonse, koma aliyense amadziwa kumene inachokera. Byram anawonjeza kuti wophunzirayo akhale wachidwi, wodziwa kufunsa, komanso wotha kuweruza mwanzeru zochita za eni ake ndi za alendo pa muyeso umodzi. Mbali yomalizayi ndi imene sukulu ya atsamunda inaikana, ndipo ndi imene sukulu ya lero imaiwala mosavuta.

Kunja kwake kuti?

Apa pali msampha. Mphunzitsi akamva za chikhalidwe cha Chipwitikizi amaganiza za Portugal, akamva za Chingerezi amaganiza za London. Koma olankhula Chipwitikizi ambiri ali ku Brazil, dziko la anthu oposa 200 miliyoni, pomwe Portugal ili ndi anthu pafupifupi 10 miliyoni. Chimalankhulidwanso ku Angola, Cabo Verde, Guiné-Bissau, São Tomé ndi Timor-Leste, maiko amene pamodzi ndi Mozambique ali m'bungwe la CPLP lomwe linayamba mu 1996. Ndipo kwa mwana wa ku Chidzolomondo, ngakhale moyo wa mu mzinda wa Maputo umene umaoneka m'mabuku, wa nyumba zosanjikizana ndi nyanja ya mchere, ndi wachilendo ngati wa ku Lisboa.

Chingerezi chimene mwanayu adzachimve koyamba si cha ku England. Ndi cha ku Lilongwe, Chipata, Harare ndi Johannesburg. Maiko onse ozungulira Mozambique amagwiritsa ntchito Chingerezi m'boma, ndipo n'chifukwa china chimene dzikoli linalowera mu Commonwealth mu 1995 ngakhale silinalamulidwepo ndi Britain. Phunziro la Chingerezi limene limadziwa mabasi ofiira a ku London koma silitchula kuti ku Malawi kalasi amati sitandade ndipo mfumu yaikulu amati T/A, laphonya mlendo amene ali pakhomo.

Malire enieniwo ndi nkhani yoyenera kuphunzitsidwa. Mzere umene umagawa Tsangano ndi Ntcheu unachokera ku pangano la Britain ndi Portugal la mu 1891. Unadula pakati pa anthu amodzi: Achewa a ufumu wakale wa Maravi, ndi Angoni a Maseko amene anakhazikika kufupi ndi phiri la Dómuè. Patapita zaka zoposa 130, mbali ina amati "sopo" ndi "tebulo", mbali ina amati "sabau" ndi "meza". Mbali ina amalemba *ch*, ina amalemba *c*. Mwana amene waona kuti azakhali ake a ku Ntcheu ndi "akunja" chifukwa cha mzere wojambulidwa ku Ulaya wamvetsa kanthu kena kozama: kuti kusiyana kwa anthu kuli ndi mbiri, sikunagwe kumwamba.

Zoti zilowemo

Poyambira pabwino ndi zinthu zimene mwana amazigwira tsiku lililonse osadziwa kuti zinayenda ulendo. Chimanga, chinangwa, fodya, mtedza ndi tomato zinachokera ku America. Mbatata ya kachewere imene Tsangano amatchuka nayo kwawo ndi ku mapiri a Andes. Nsapato, chipewa, kalata, makina ndi kapitawo ndi mawu a Chipwitikizi amene anavala zovala za Chinyanja: *sapato*, *chapéu*, *carta*, *máquina*, *capitão*. Ana akapatsidwa ntchito yosaka mawu otere kwa agogo awo amabwera nawo ambiri, ndipo amazindikira okha kuti makolo ankalandira za mlendo n'kuzisula kuti zikhale zawo. Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Wometa ndi mwini mudzi.

Mbiri ya Macanga ikuonetsa zomwezo mwa njira yovuta. M'zaka za m'ma 1800 derali linkalamulidwa ndi banja la Caetano Pereira, limene gwero lake linali ku Goa, ku India. Banjali linakwatirana ndi mabanja a mafumu a Achewa, linatenga maina a kuno, linkachita malonda a minyanga ndi akapolo, ndipo nthawi zina linkamenyana ndi boma la Apwitikizi la ku Tete, mpaka linagonjetsedwa mu 1902. Anali alendo kapena eni dziko? Funso lotere lilibe yankho limodzi, ndipo n'chifukwa chake ndi labwino kwa ana okulirapo.

Ulendowo sunali wa mbali imodzi. Akapolo ambiri ochokera ku chigwa cha Zambezi anakwezedwa zombo ku Quelimane kupita ku Brazil, ndipo mpaka lero ku Minas Gerais kuli magule a pa zikondwerero otchedwa Moçambique. Eusébio, amene anagoletsa zigoli 9 mu World Cup ya mu 1966 atavala malaya a Portugal, anabadwira ku Mafalala, mu mzinda umene lero ndi Maputo.

Chofunikanso n'chakuti dziko lakunjalo lioneke ndi mabala ake. Ana ambiri amakhulupirira kuti mzungu aliyense ndi wolemera, ndipo zithunzi za m'mabuku ndi za pa foni zimawatsimikizira. Koma m'ma 1960 Apwitikizi zikwi mazanamazana ankathawa umphawi ndi usilikali, n'kudutsa malire mobisa kupita ku France, kumene ankamanga nyumba za eni iwo akugona m'zisakasa kunja kwa Paris. Mdzukulu wa munthu amene anapita ku migodi ya ku Joni kapena ku minda ya ku Rhodesia amaimva nkhaniyi popanda kumasulira. Portugal inakhala pansi pa ulamuliro wankhanza kwa zaka zoposa 40, ndipo anthu ake anamasuka pa 25 April 1974, makamaka chifukwa asilikali anatopa ndi nkhondo za mu Africa. Kuphedwa kwa anthu ku Wiriyamu, kufupi ndi mzinda wa Tete, pa 16 December 1972, kunachitidwa ndi asilikali a boma la Portugal. Koma amene anasonkhanitsa umboni anali ansembe a ku Spain, ndipo amene anaulengeza ku dziko lonse mu 1973 anali wansembe wa ku England, Adrian Hastings. Mu 2022 nduna yaikulu ya Portugal, António Costa, inapepesa chifukwa cha nkhaniyi ili ku Maputo. Mwana amene wamva zonsezi sangathenso kunena kuti "azungu onse" ndi otere, kaya powatamanda kaya powanyoza.

Chimene sichithandiza ndi mndandanda wa mbendera, malikulu ndi zakudya zotchuka. N'chosavuta kulemba pa bolodi, n'chosavuta kuchonga, ndipo ndi mdzukulu weniweni wa mitsinje ija.

Achewa anali ndi njira yawo yophunzirira za alendo sukulu isanabwere. Pa bwalo la Gule Wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005 monga chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, pamatuluka Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, pamatuluka Maliya, pamatuluka ngakhale galimoto. Mudzi unkamuyang'anitsitsa mlendo, kayendedwe kake ndi kavalidwe kake, n'kumuika pa bwalo kuti anthu amuseke, amuope, amuganizire. Mphunzitsi sayenera kukhudza za kudambwe, ndipo adziwe kuti makolo ena a mipingo safuna kumva za gule m'kalasi. Koma zimene aliyense amaona pa bwalo n'zokwanira kufunsa ana kuti: kodi Simoni ndi chithunzi choona cha mzungu? Akayankha kuti ayi, n'chokokomeza, funso lotsatira limabwera lokha: nanga chithunzi cha munthu wa mu Africa chimene mwana wa ku Porto amaona pa wailesi ya kanema, chija cha njala ndi nkhondo, n'choona?

Chilankhulo chake ndi mayeso ake

Kukambirana kotere sikungatheke m'Chipwitikizi cha mwana wa kalasi yachiwiri kapena yachitatu, amene akungoyamba kumanga ziganizo. Apa ndi pamene sukulu ya zilankhulo ziwiri ili ndi mwayi umene sukulu ya Chipwitikizi chokha ilibe. Kuyerekeza, kudabwa, kutsutsa ndi kuseka zichitike m'Chinyanja. Mawu atsopano ndi ziganizo zofunika zibwere m'Chipwitikizi pambuyo pake, mwana atadziwa kale chimene akufuna kunena. Mphindi zisanu za Chinyanja pa mawu oti *tio* sizikuba nthawi ya Chipwitikizi, chifukwa mawu amene mwana wawamvetsa sawaiwala msanga.

Mphunzitsi amene sanapitepo ku Lisboa kapena ku São Paulo asachite manyazi. Ambiri amene ankaphunzitsa mitsinje ija sanaionepo. M'mudzi uliwonse muli anthu amene anakhalako kunja: mayi amene anaphunzira sitandade 1 mpaka 5 ku Malawi pa nthawi yothawa nkhondo, bambo amene anagwira ntchito ku Zimbabwe, mnyamata amene wangobwera kuchokera ku Joni. Nthawi ya *currículo local* imalola kuwaitana. Ana akonzeretu mafunso: kumeneko amapatsana bwanji moni, maliro amayenda bwanji, chinakudabwitsani n'chiyani, iwo anadabwa nanu pa chiyani. Funso lomalizali ndi limene limabala zambiri.

Pa mayeso, funso loti "tchulani likulu la Portugal" limayesa kuloweza basi. Funso lina lingakhale lotere: namwino wochokera ku Maputo wafika pa chipatala cha m'dera, ndipo wadabwa kuti mwana wodwala wabwera ndi malume ake, ndipo malumewo ndi amene akuyankha mafunso bambo ake ali chete pambali. Mwana wa kalasi yachisanu ndi chimodzi alembe ziganizo zisanu m'Chipwitikizi zomufotokozera namwinoyo chifukwa chake, kenaka ziganizo zisanu m'Chinyanja zowafotokozera malumewo chifukwa chimene namwino akufunira kuti bambo ndiwo asaine pa pepala.